Momwe mungasamalire memore ya data logger pa galimoto ya mpikisano

Lamulungu lina madzulo galimoto yathu inalowa m'garaja itamaliza mpikisano, woyendetsa n'kutuluka asanavule n'komwe helemeti, chala chili pa dashibodi. Akuti nyali ya oyilo inathwanima kawiri pa kona yaitali yokhotera kumanzere, mpikisano uli pafupi kutha. Ndinalumikiza laputopu, kutsitsa fayilo, kuitsegula. Mizere yonse inali bwinobwino mpaka lap 11 (lap ndi kuzungulira bwalo kamodzi), kuchoka apo mbee, popanda kanthu. Mpikisanowo unali wa ma lap 18. Memore inadzaza galimoto ili pakati pa ulendo, chifukwa za Lachisanu ndi Loweruka zinali zikadali momwemo, ndipo logger ndinaisiya pa lamulo loti ikadzaza ileke kulemba. Wolakwa ndinali ine ndemwe. Lolemba tinamasula injini yonse kuti tikaone ndi maso chimene fayilo ikanatiuza m'mphindi ziwiri.

Kuyambira tsiku limenelo memore ya logger ndimaiwerengera ngati nkhokwe: muli matumba angati, pakhomo pali anthu angati odya, nanga kukolola kuli liti. Kwa inu amene mwangoiyamba kumene ntchitoyi, data logger ndi kabokosi kamene kamafunsa masensa a galimoto kambirimbiri pa sekondi n'kumalemba mayankho. Nthawi zina kamakhala pakokha pansi pa mpando, nthawi zina kamakhala mkati mwa dashibodi yamagetsi, kapenanso mu ECU, kompyuta yoyendetsa injini. Chinthu chilichonse chimene kakuyeza, kaya ndi liwiro la tayala, kaya kutentha kwa madzi, amachitcha tchanelo. Ndipo data ya pano si ija ya bandulo ya pafoni ayi, ndi manambala okhaokha a zimene galimoto inachita.

Choyamba: dziwani kukula kwa nkhokwe yanu

Musaganizire, yang'anani. Ma logger amasiyana kwambiri kuposa mmene anthu amayembekezera. ECU yakale ya MoTeC, kampani ya ku Melbourne ku Australia, yotchedwa M800, ili ndi malo a 1 MB basi. Dashibodi yawo ya ADL2 imafika 16 MB. Yatsopano ya C125 ili ndi 120 MB, koma kujambulako mumachita kugula padera, amakupatsani nambala yotsegulira, choncho mukagula galimoto yoyendapo kale musathamangire kukhulupirira kuti poti dashibodi ilipo ndiye kuti ikulemba. AiM ya ku Italy imaika 4 GB mu MyChron5 ya ma kart ndi mu Solo 2 DL. Racelogic ya ku Buckingham ku England inasankha njira ina: VBOX zake zimalemba pa SD khadi limene mumazula n'kupita nalo ku kompyuta. Pakati pa 1 MB ndi 4 GB pali kusiyana kwa maulendo 4,000, ndiye malangizo a mnzanu wa garaja yoyandikana nayo akhoza kukugwetsani m'mbuna ngati kabokosi kake si kofanana ndi kanu.

Mkati mwa logger muli malo awiri. Manambala akangoyezedwa amayamba adikira mu RAM, kamemore kothamanga koma koiwala zonse magetsi akangozima. Akaunjikana okwanira ndi pamene amasamutsidwira ku flash, imene imasunga ngakhale mutachotsa batire. Flash siilandira nambala imodziimodzi, imalemba m'magulu, ndipo pofufuta imafufuta chigawo chathunthu nthawi imodzi. Sungani mfundo imeneyi m'mutu, tiifuna tikafika pa nkhani ya magetsi.

Chachiwiri: werengani pa pepala galimoto isanatuluke

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tchanelo iliyonse ili ndi liwiro lojambulira, amalemba kuti Hz, kutanthauza miyeso ingati pa sekondi. Miyeso yambiri imatenga mabayiti 2 uliwonse (bayiti ndi kagawo kakang'ono ka malo a memore). Ina yofuna manambala ataliatali, monga malo a GPS, imatenga 4. Mukachulukitsa Hz ndi mabayiti pa tchanelo iliyonse n'kuphatikiza zonse, mwapeza chimene logger imadya pa sekondi.

Titenge galimoto wamba ya mipikisano ya makalabu, yonga zimene zimathamanga pa Zwartkops kufupi ndi Pretoria kapena pa Killarney ku Cape Town. RPM (liwiro limene injini ikuzungulira), throttle (chopondera moto) ndi chiwongolero tiziike pa 50 Hz iliyonse, zakwana 150. Mphamvu ya mabuleki kutsogolo ndi kumbuyo pa 100 Hz, ndi 200. Liwiro la matayala anayi pa 100 Hz, ndi 400. Masensa awiri a G, oyeza mphamvu yokankha galimoto pokhota, ponyamuka ndi poima, wa cham'mbali ndi wa kutsogolo, pa 50 Hz, ndi 100. Mphamvu ya oyilo, ya petulo ndi lambda (kasakanikidwe ka mpweya ndi petulo) pa 20 Hz, ndi 60. Batire, giya ndi liwiro la GPS pa 10 Hz, ndi 30. Kutentha kwa madzi, oyilo ndi mpweya pa 1 Hz, ndi 3 chabe. Kenako masensa anayi a ma shock pa 500 Hz, ndi 2,000. Zonse pamodzi ndi miyeso 2,943 pa sekondi, mabayiti 5,886. Onjezani matchanelo awiri a malo a GPS, mabayiti 4 pa 10 Hz iliyonse, amenewo ndi 80. Tangoti mabayiti 6,000 pa sekondi.

Pa mphindi imodzi ndi 360 KB, pa ola ndi 21.6 MB. Logger ya 120 MB ikupirirani maola asanu ndi theka. Ya 16 MB itha m'mphindi 44. Ya 1 MB siifika n'komwe mphindi zitatu.

Tsopano bwererani pa pepala lija muone amene akudya kwambiri. Ma shock anayi okha akumeza mabayiti 4,000 mwa 6,000 aja, magawo awiri mwa atatu. Mukawatsitsa kufika pa 200 Hz, chiwerengero chonse chigwa kufika pafupifupi 3,600, ndipo 16 MB ija ifika mphindi 74. Matchanelo atatu a kutentha mukhoza kuwachotsa onse koma osapulumutsa kanthu koti n'kuloza, mabayiti 6 pa sekondi. Ndaonapo anthu akuvutika kuchotsa timatchanelo tating'onoting'ono khumi, chonsecho njovu yadya munda ili poteropo.

Mnyamata wina wakumudzi amene ndinkamuphunzitsa anandifunsa tsiku lina kuti, "Achimwene, bwanji osangoika zonse pa 500, kuti pasatiphonye kalikonse?" Ndinamupatsa cholembera ndi kuti, "Werenga wekha, mphwanga." Matchanelo 26 omwewo pa 500 Hz amadya mabayiti 28,000 pa sekondi. Pa 16 MB ndi mphindi 9 ndi theka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mapulogalamu ambiri okonzera logger, monga Dash Manager ya MoTeC, amakuwerengerani okha nthawi imene memore ingapirire mukamasintha ma Hz. Muziyang'ana nambala imeneyo nthawi iliyonse mwakhudza kanthu. Komabe pepala musalitaye, chifukwa pulogalamu imangokuuzani kuti nthawi yachepa, siikuuzani amene wayidya. Ndipo pa nthawi ya mpikisano wanu onjezanipo gawo limodzi mwa magawo atatu: kutenthetsa injini, kudikira pa mzere woyambira, lap yotenthetsa matayala, mbendera yofiira imene palibe amaiyembekezera, ndi lap yobwerera.

Chachitatu: patsani tchanelo iliyonse liwiro loyenera

Funso ndi limodzi: chinthuchi chimasintha mofulumira bwanji? Madzi a mu injini satentha m'kuphethira kwa diso, 1 Hz ikwana. Phazi la woyendetsa pa buleki ndi nkhani ina. Njira yosavuta yomvetsera ndi kusandutsa Hz kukhala mamita. Galimoto ikamathamanga 180 km/h imadutsa mamita 50 pa sekondi. Pa 1 Hz mukuona kamodzi pa mamita 50 aliwonse, pa 10 Hz kamodzi pa mamita 5, pa 50 Hz kamodzi pa mita iliyonse. Ngati mukufuna kuuza woyendetsa kuti mnzake akuponda buleki mamita 3 mochedwerapo kuposa iye, 10 Hz siingakuthandizeni, kusiyanako kukubisala pakati pa miyeso iwiri.

Pali lamulo lodziwika ndi dzina la Nyquist, loti muyenera kuyeza mofulumira kuposa kawiri liwiro limene chinthucho chikugwedezekera. Mukachepetsa, simungotaya tsatanetsatane, mumapeza bodza: mzere wooneka bwinobwino wa kugwedera kumene kunalibe. Ndi zomwe zija mumaona pa kanema, mawilo a galimoto yothamanga akuoneka ngati akuzungulira chobwerera m'mbuyo. Kawiri ndi malire apansi penipeni. Kuti mzere ukhale wowerengeka ndi maso, ine ndimapita kasanu kapena kakhumi.

Ma shock amafuna Hz yambiri chifukwa chimene timafuna kwenikweni si pamene shock ili koma liwiro limene ikuyendera, ndipo liwirolo timalipeza poyerekeza miyeso yotsatizana. Tsiku loti mukusintha ma shock, apatseni 500 Hz, ndi tsiku lawo. Tsiku la mpikisano, pamene mukungofuna kuona mmene galimoto ikupendekera ndi kugwada, 100 kapena 200 ikwana. Sungani mafayilo awiri a configuration, ndiye kuti makonzedwe a logger, ina ya tsiku loyeserera, ina ya mpikisano, ndipo muwatche maina oti ngakhale mutatopa musawasokoneze.

Mphamvu ya oyilo musaiumire. Anthu amaiika pa 1 Hz poganiza kuti ndi m'bale wake wa kutentha, pamene ayi. Pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, pampu n'kumeza mpweya kwa kanthawi kosakwana sekondi. Pa 1 Hz kugwa kumeneko kukhoza kudutsa osaoneka mpaka tsiku limene mabering'i adzalira. Yambirani pa 20 Hz.

Malo ena awiri amene memore imatayikira pachabe. Oyamba ndi matchanelo obwera pa CAN, mawaya amene zipangizo za m'galimoto zimalankhulirana, kuchokera ku ECU kapena ku GPS. Ngati GPS yanu imatulutsa malo maulendo 10 pa sekondi, kuijambula pa 100 Hz ndi kulemba nambala imodzimodziyo kakhumi. Fufuzani liwiro limene chipangizocho chimatumizira, musapitirire pamenepo. Achiwiri ndi matchanelo owerengetsera, monga kagawidwe ka buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati muli ndi mphamvu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, yachitatuyo pulogalamu ya i2 ya MoTeC kapena Race Studio 3 ya AiM ikuwerengerani pa laputopu, palibe chifukwa choisungira malo m'galimoto.

Chachinayi: uzani logger poyambira ndi polekera

Logger yongoyamba kulemba switchi ikangoyatsidwa imadzaza ndi zachabechabe: galimoto ili pa jeki, makaniko akuyesa nyali, wina waiwala kuzimitsa popita kukadya. Ndiye mumaika lamulo loyambira ndi loimira.

Ambiri amakonda kuyambira pa liwiro, kunena kuti galimoto ikapitirira 50 km/h. Zimapulumutsadi malo, koma ine sindizikonda pokhapokha memore ili yochepetsetsa. Mumataya kulizidwa kwa injini, pamene mumaonera ngati oyilo akukwera msanga komanso ngati batire likufooka. Mumatayanso masekondi oyambirira a mpikisano, pomwe matayala amaterereka ndipo malo amapezeka kapena kutayika. Choipa china n'chakuti ngati liwirolo likuchokera ku sensa ya tayala limodzi, waya wake ukaduka logger siiyamba n'komwe, tsiku lonse lapita. Ndimaika kuti iyambe RPM ikapitirira 500, kapena liwiro likapitirira 20 km/h, chimene chayamba kuchitika.

Poimira pamafuna kudekha. Musanene kuti RPM ikafika ziro ileke pomwepo. Woyendetsa akazungulira pa kona injini n'kuzima, n'kuilizanso, fayilo idzaduka pawiri pamalo penipeni pamene mukufuna kuona. Ikani kuti ileke injini ikakhala chizimire ndipo galimoto ili chiimire kwa masekondi 10 kapena 20. Masekondi amenewo amakuonetsaninso mmene kutentha kumakwerera injini ikangozima.

Chachisanu: ikadzaza itani?

Njira ndi ziwiri. Ikhoza kuima, kusunga zakale n'kukana zatsopano. Kapena ikhoza kuzungulira, kufufuta zakale kwambiri kuti zatsopano zilowe, imene m'mapulogalamu amailemba kuti cyclic. Imene inandigwetsa Lamulungu lija ndi yoyambayo.

Pa ntchito zambiri sankhani yozungulira. Vuto likachitika, kaya injini yaphulika, kaya galimoto yagunda khoma, zimene mukufuna ndi za mphindi zomaliza, ndipo yozungulira ndiyo imakutsimikizirani zimenezo. Koma nayonso ili ndi msampha wake. Ngati lamulo loimira silili bwino ndipo galimoto yasiyidwa yoyaka, mwina ikudikira kukokedwa kapena ili kumalo kumene oyang'anira mpikisano amasunga magalimoto osalola kuwakhudza, logger idzapitiriza kulemba galimoto yongoima, n'kumadya mpikisano wanu kuyambira kumutu. Pa memore ya 4 GB zimenezi sizidetsa nkhawa. Pa ya 1 MB kapena 16 MB ndi zenizeni. Choncho chachinayi ndi chachisanu zimayendera limodzi, musakonze chimodzi n'kusiya chinzake.

Yoima ikadzaza ili ndi malo ake: pamene chofunika ndi chiyambi, monga kuyesa kanyamukidwe, kapena injini yatsopano imene mukuiliza koyamba. Mukaigwiritsa ntchito, lembani pa tepi n'kumata pa laputopu kuti muibwezeretse.

Ngati logger yanu ili ndi tchanelo yoonetsa malo otsala, iikeni pa tsamba la dashibodi limene makaniko amaona potenthetsa injini. Ndi kanthu kakang'ono koma kakanandipulumutsa.

Chachisanu ndi chimodzi: magetsi

Paja tinati manambala amayamba adikira mu RAM. Galimoto za mpikisano zili ndi switchi yaikulu yodula magetsi onse, ndipo oyendetsa ambiri amazimitsira injini pomwepo. Magetsi akaduka mwadzidzidzi, zimene zinali zisanasamutsidwe zimatayika. Pa logger ya memore yamkati nthawi zambiri mumangotaya kachidutswa ka kumapeto. Pa yolemba pa SD khadi kapena pa fulashi ya USB zikhoza kuipirapo: fayilo imene sinatsekedwe ikhoza kukana kutseguka, makamaka ya kanema. Zipangizo zina, kuphatikizapo VBOX za kanema, zili ndi kamphamvu kosungira mkati kongokwanira kutseka fayilo, koma musadalire zimenezo musanayese nokha m'garaja. Lizani injini, dikirani mphindi imodzi, dulani switchi yaikulu, muone chimene chatsala.

Gwirizanani ndi woyendetsa: akalowa, azimitse injini ndi switchi ya ignition, awerenge mpaka 20, kenako adule yaikulu. Pa ngozi palibe zowerenga, adule basi, moyo ndi moto zimaposa fayilo.

Batire lofooka nalonso limadula mafayilo. Poliza injini magetsi amagwa, ndipo akagwa kwambiri logger imazima n'kuyakanso yokha. Mukaona timafayilo ting'onoting'ono tambiri ta masekondi ochepa, yambani mwayang'ana tchanelo ya batire ndi waya wa earth musanaimbe mlandu memore.

Chachisanu ndi chiwiri: khadi ndi fulashi

Flash yamkati mwa logger imatha ndithu, chigawo chilichonse chili ndi malire a maulendo ofufutidwa, koma pa kagwiritsidwe ka mpikisano galimoto imayamba kukalamba ndi iyo. Chofooka ndi khadi.

Makhadi a SDHC, ofika 32 GB, amabwera ndi kasanjidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32. Opitirira apo, a SDXC, amabwera ndi exFAT, imene ma logger akale saiwerenga. Onani buku la chipangizo chanu musanagule lalikulu poganiza kuti kukula ndiko ubwino. FAT32 siilola fayilo imodzi kupitirira 4 GB. Manambala okha sangafike pamenepo, koma kanema amafika: wa 10 Mbit pa sekondi amadya 75 MB pa mphindi, 4.5 GB pa ola, kuposa maulendo 200 zimene matchanelo athu 26 aja amadya. Walira mvula walira matope. N'chifukwa chake makamera amadula kanema m'zidutswa, ndipo potsitsa muyenera kutenga zidutswa zonse.

Pa kanema gulani la Class 10 kupita m'mwamba, limene limalonjeza 10 MB pa sekondi, kapena U3 ndi V30 zimene zimalonjeza 30. Gulani m'sitolo yodalirika. Makhadi achinyengo alipo ambiri, olembedwa 64 GB pamene mkati muli malo ochepa, ndipo amalandira mafayilo mwakachetechete n'kumafufuta akale. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamadzaza khadi lonse n'kuliwerenganso, bodza limaonekera pomwepo. Yesani khadi lililonse latsopano lisanalowe m'galimoto. Pofomata gwiritsani ntchito logger yomweyo ngati imatha, apo ayi SD Card Formatter ya bungwe la SD Association. Khadi la logger likhale la logger basi, osati lomwelo la nyimbo ndi zithunzi za ukwati.

Musazule khadi nyali yolembera ikuthwanima. Khalani ndi awiri, A ndi B, olembedwa ndi inki yosafufutika: lina likatuluka lina likulowa, galimoto isapite pabwalo chimanjamanja inu mukadali pa laputopu. Ndipo matani katepi pa chitseko cha khadi, chifukwa kugwedera kwa pa makebu, timizere tokwera ta m'mphepete mwa makona, kumatha kulisuntha.

Chachisanu ndi chitatu: tsitsani, tsegulani, koperani, kenako fufutani

Dongosolo lake ndi limenelo, musalitembenuze. Galimoto ikangolowa, tsitsani nthawi yomweyo, gawo lililonse, ngakhale linali la ma lap atatu. MoTeC zatsopano zimatsitsira pa chingwe cha Ethernet, AiM zatsopano pa Wi-Fi kapena USB. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo: zimene zili m'galimoto sizinakhale zanu. Ngakhale mu Formula 1, kumene magalimoto onse akhala akugwiritsa ntchito ECU ya mtundu umodzi kuyambira 2008 ndipo manambala amafika ku garaja pa wailesi galimoto ikuthamanga, ikangolowa amailumikizabe chingwe n'kutsitsa zamkati, chifukwa wailesi imadukaduka ndipo siinyamula zonse.

Mukatsitsa pulogalamu imafunsa ngati ifufute memore. Musayankhe msanga. Tsegulani kaye fayiloyo, ya .ld ngati ndi MoTeC, ya .xrk ngati ndi AiM, ya .vbo ngati ndi VBOX. Werengani ma lap, agwirizane ndi amene galimoto inazunguliradi. Pitani kumapeto muone kuti RPM yatsika mpaka ziro, osati mzere wongoduka uli m'mwamba. Yang'anani ngati pali tchanelo yagona chigonere, chizindikiro cha sensa yakufa. Zikakhala bwino, koperani pa fulashi ina yosakhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Mukatero ndiye fufutani.

Ena safufuta konse poti memore ndi yaikulu. Pa 4 GB zimatheka, koma mndandanda umatalika, kutsitsa kumachedwa, ndipo tsiku lina mudzatsegula fayilo ya mwezi watha n'kuyamba kusintha galimoto potengera imeneyo. Ine ndimafufuta madzulo alionse ndikatsimikiza kuti makope awiri alipo.

Musanatumize configuration yatsopano kapena kukweza firmware, pulogalamu ya mkati mwa logger, tsitsani kaye. Pa ma logger ena kusintha ndandanda ya matchanelo kumafuna kuti memore iyambe yakonzedwanso, zakale n'kupita. Sungani kope la configuration iliyonse mu foda imodzi ndi mafayilo a tsiku limenelo, kuti pakapita miyezi mudzadziwe chifukwa chake ma shock akuoneka osalala pa fayilo ina ndi okakala pa inzake.

Onetsetsani wotchi ya logger. Zokhala ndi GPS zimatenga nthawi kumwamba, koma dera la nthawi mumaika ndinu, apo ayi mafayilo a ku Johannesburg adzaoneka ngati anajambulidwa maola awiri m'mbuyo. Dzina la foda liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako bwalo, galimoto ndi gawo, kuti kompyuta iziika yokha mu dongosolo.

Mipikisano yaitali ndi rally

Masamu aja amasintha nkhope nthawi ikatalika. Pa mabayiti 6,000 pa sekondi, mpikisano wa maola 9 ngati wa pa Kyalami umafuna 194 MB, ndiye 120 MB siikwana. Wa maola 24 wa ku Le Mans umafuna 518 MB. Mukhoza kutsitsa ma Hz, ndipo ma shock ndiwo oyamba kudulidwa, pa 100 Hz chiwerengero chimagwa kufika mabayiti pafupifupi 2,800, maola 9 n'kukwana mu 91 MB. Mukhoza kutsitsa galimoto ikaima kuthira mafuta, ngati malamulo a mpikisanowo akulola ndipo chingwe chili pamalo ofikika osasokoneza osintha matayala. Kapena mugwiritse ntchito logger yolemba pa fulashi yozula, wina n'kungosinthanitsa m'masekondi awiri. Chimene mwasankha chiyeseni ndi wotchi tsiku loyeserera, muone kuti kutsitsa ola limodzi kumatenga masekondi angati.

Rally ili ndi vuto lina. Pa mipikisano ngati Zambia International Rally kapena Safari Rally ya ku Naivasha ku Kenya, galimoto imathera nthawi yaitali pa msewu wamba pakati pa masiteji, zigawo zimene amathamangirapo, ndipo laputopu imaiona pokhapokha ikafika pa service, pamalo okonzera magalimoto. Lamulo la RPM lokha lidzajambula ulendo wonse wapang'onopang'ono pa liwiro lonse la ma shock. Ngati memore ndi yochepa, mangirirani kuyamba kwa logger ku switchi imene oyendetsa amayatsa kale poyamba siteji, monga yosinthira mapu a injini (makonzedwe a mu ECU), osati batani latsopano loti munthu azilikumbukira wotchi ikuwerenga chotsika. Werengani nthawi kuchoka pa service ina kufika pa inzake, osati kutalika kwa siteji imodzi. Ndipo fumbi la kumeneko limalowa paliponse, choncho ngati mungasankhe, tengani logger ya memore yamkati yokhala ndi pulagi yotsekeka, kapena ikani ya khadiyo m'kabokosi komata bwino, pamalo oti dzanja lovala gulovu lifikepo.